Mafunso a Owerenga: Kodi Driver ya Chipangizo Chosungira Zinsinsi Ikonzedwe Bwanji?

Makalata amene tasankha mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ya mmene kernel, yomwe ndi chimake cha pulogalamu yoyendetsa kompyuta, iyenera kulankhulira ndi zipangizo zimene zinapangidwa kuti zisunge makiyi (manambala achinsinsi obisira kapena kusainira deta) ndi zinthu zina zofunika chitetezo. Kulankhulana kumeneku kumadutsa mu driver, kachigawo ka kernel kolamulira chipangizo. Zitsanzo zambiri zachokera ku Linux, imodzi mwa mapulogalamu oyendetsa kompyuta, chifukwa amene amailemba amakambirana poyera, ndipo zifukwa za zosankha zawo zimadziwika.

Funso: Akonzi, ine ndimalemba mapulogalamu a timakina ting'onoting'ono toyendera Linux. Chipangizo chathu chosungira deta ndi cha mtundu wa eMMC, ndipo chili ndi gawo lotetezedwa lotchedwa RPMB. Ndikufuna kulemba driver yoti mapulogalamu athu azisungira zinsinsi m'gawo limeneli. Ndaganiza zoti driver izisunga kiyi n'kumasainira yokha chilichonse chimene pulogalamu yapempha kulemba, komanso zoti ndiikemo ioctl imodzi (khomo limene pulogalamu imatumizira malamulo apadera ku driver) yongopititsa lamulo lililonse ku chipangizo, kuti tisadzavutike kuwonjezera zina m'tsogolo. Kodi pamenepa pali cholakwika?

Yankho: Maganizo anu onse awiri amapeputsa ntchito ya lero, koma ndikukupemphani kuti muwasiye, ndipo chifukwa chake chioneka tikayang'ana chimene RPMB inapangidwira.

RPMB inalowa m'malamulo a eMMC a bungwe la JEDEC pa mtundu wa 4.4, ndipo masiku ano imapezekanso mu UFS ndi NVMe, mitundu ina ya zipangizo zosungira deta. Ndi gawo laling'ono, lomwe kukula kwake kumawerengedwa m'zigawo za 128 KB ndipo mu eMMC silipitirira 16 MB. Chipangizo chimalandira kiyi wa mabaiti 32 kamodzi kokha, ndipo kiyiyo akalowa sawerengeka, safufutika ndiponso sasinthika. Uthenga uliwonse wopempha kulemba umakhala wa mabaiti 512, mwa amenewa 256 ndiwo deta yeniyeni, ndipo umanyamula siginecha ya HMAC-SHA256 yopangidwa ndi kiyi uja, pamodzi ndi nambala yowerengera ya mabiti 32. Chipangizo chimavomera kulemba pokhapokha siginecha ikakhala yoona ndiponso nambalayo ikafanana ndi imene chili nayo, ndipo chikamaliza chimaikweza ndi 1. Motero munthu amene wakopera uthenga wa dzulo n'kuutumizanso lero amakanidwa, popeza nambala inasuntha kale. Powerenga, wopempha amaika m'pempho lake nambala yongopeka ya mabaiti 16, ndipo chipangizo chimaibweza m'yankho losainidwa, umene ndi umboni wakuti yankholo ndi la pempho lomwelo, si lakale.

Chimene ambiri sachizindikira n'chakuti RPMB siibisa deta. Aliyense amene angathe kutumiza malamulo ku chipangizo akhoza kuwerenga zimene zili m'gawolo popanda kiyi. Ntchito ya kiyi ndi kuletsa kusintha zinthu mwachinyengo ndi kuzibwezera m'mbuyo. N'chifukwa chake mafoni ambiri amasungamo nambala ya mtundu wa pulogalamu imene foni siyenera kubwereranso pansi pake, kapena chiwerengero cha maulendo amene munthu walakwitsa PIN. Popeza inu mwatchula zinsinsi, dziwani kuti deta yanu iyenera kubisidwa isanafike kumeneko.

Tsono funso limene liyenera kuyankhidwa mzere uliwonse wa khodi usanalembedwe ndi ili: kodi tikudziteteza kwa yani? Dongosolo la RPMB linakonzedwa poganizira kuti kernel yeniyeniyo ikhoza kugwa m'manja mwa mdani. Kernel ya Linux ili ndi mizere ya khodi yoposa 30 miliyoni, ndipo m'khodi yochuluka chotere zolakwika sizitha. Pa chifukwa chimenechi kiyi amasungidwa kumalo ena ang'ono ndi otsekedwa, monga OP-TEE, pulogalamu yaing'ono yoyendetsa makina imene imayenda m'chigawo chotetezedwa cha TrustZone pa mapurosesa a Arm. OP-TEE imapanga kiyi wa RPMB kuchokera ku chinsinsi cha purosesayo, chomwe ndi chosiyana pa makina aliwonse, pochiphatikiza ndi nambala yodziwitsa eMMC, ndipo ndi iyo imene imasaina uthenga ndi kutsimikizira mayankho. Driver ili ngati mthenga wonyamula kalata yodindidwa: akhoza kuichedwetsa kapena kuitaya, koma sangalembe ina m'dzina la mwini wake. Mukaika kiyi mu driver, ndiye kuti aliyense amene wapeza mphamvu zowerenga memori ya kernel watenga kiyi amene simungathe kumusintha mpaka chipangizocho chidzatayidwe. Ndipo mdani safunika n'komwe kuba kiyiyo, chifukwa driver yosainira chilichonse chimene yapemphedwa imamugwirira kale ntchito yonse.

Mbiri ya Linux pa nkhaniyi ndi yophunzitsa. Poyamba gawo la RPMB linkaonekera ngati disiki wamba, ndipo mapulogalamu ofufuza madisiki ankayesa kuliwerenga n'kumabweretsa mauthenga a zolakwika, popeza gawoli siliwerengeka mwa njira imeneyo. Mu Linux 4.15, imene inatuluka mu January 2018, fayilo ya mmcblk0rpmb, yoimira gawoli, inasinthidwa kukhala character device (fayilo ya chipangizo imene siioneka ngati disiki) yolandira ioctl. Kwa zaka zambiri mauthenga a OP-TEE ankadutsa m'pulogalamu ya kunja kwa kernel yotchedwa tee-supplicant, yomwe inkawapereka ku fayilo imeneyo. Vuto linali lakuti pali ntchito zimene zimafuna RPMB makina akungoyaka kumene, pulogalamuyo isanayambe, mwachitsanzo TPM (chida chosungira ndi kuteteza makiyi) yoyendera mu OP-TEE imene ikufunika potsegula disiki yomwe muli tee-supplicant yomweyo. Tomas Winkler wa ku Intel anapereka dongosolo la RPMB la mu kernel mu 2016 koma silinalandiridwe, ndipo limene linalowa ndi la Jens Wiklander wa ku Linaro, mu Linux 6.12 ya November 2024. Limeneli ndi laling'ono kwambiri: limatenga mauthenga okonzedwa kale, kuwapititsa ku chipangizo ndi kubweza yankho, ndipo silinatsegule khomo latsopano la mapulogalamu a kunja kwa kernel. Ine ndimaona kuti kuchepa kumeneku n'kumene kunalipanga kukhala labwino, ndipo musanalembe driver yanuyanu muone kaye ngati silikukwanirani.

Za ioctl yopititsa lamulo lililonse, n'zoona kuti Linux ili nayo yotere, MMC_IOC_CMD, imene chida cha mmc-utils chimagwiritsa ntchito. Koma imeneyi ndi ya woyang'anira makina, si ya mapulogalamu a tsiku ndi tsiku. Kernel ikamangopititsa mabaiti amene sikuwamvetsa, siingathe kusiyanitsa pempho lowerenga nambala yowerengera ndi pempho lolemba kiyi. Pulogalamu yoyeserera imodzi yokha ikalemba kiyi wolakwika pa chipangizo chatsopano, gawo la RPMB la chipangizocho latayika ndipo palibe njira yolikonzera. eMMC ilinso ndi malamulo ofufuta deta ndi ena otseka magawo kuti asadzalembedwenso, ndipo onsewa angadutse pa khomo lomwelo. Kuwonjezera apo, polemba kiyi koyamba, kiyiyo amadutsa mu kernel ali poyera, n'chifukwa chake ntchitoyi iyenera kuchitikira kufakitale, ndi pulogalamu yapadera imene siperekedwa kwa ogula. OP-TEE nayonso imatha kulemba kiyi pokhapokha yamangidwa ndi chisankho chapadera chololeza zimenezo. Lamulo limene zotsatira zake sizibwezeka likhale ndi njira yakeyake ndi chilolezo chakechake, lisasakanikirane ndi malamulo ena.

Palinso mfundo ziwiri zokhudza kaumbidwe ka pempho. Yoyamba ndi yakuti kulemba kamodzi mu RPMB ya eMMC kumatenga masitepe atatu: kutumiza uthenga, kupempha zotsatira, ndi kuwerenga zotsatirazo, ndipo zonsezi zimachitika chipangizo chitatembenuzidwa kuchoka ku gawo la mafayilo wamba kupita ku gawo la RPMB. Pempho lina likalowerera pakati, yankho limasokonekera. Choncho interface yanu ilandire pempho ndi malo oikamo yankho pa kuitana kumodzi, ndipo driver igwire loko kuyambira poyamba mpaka pomaliza; n'zimene MMC_IOC_MULTI_CMD imathandiza kuchita. Yachiwiri inaonekera mu November 2020, pamene Western Digital inalengeza chofooka m'malamulo a RPMB, cholembedwa pa nambala ya CVE-2020-13799. Pulogalamu yachinyengo ya pakati ikhoza kugwira uthenga wosainidwa osaupereka, kuchititsa mwini kiyi kukhulupirira kuti kulemba kwalephera, kenako n'kudzautumiza nthawi ina nambala yowerengera isanasunthe. Chitetezo chake chili kwa mwini kiyi, amene ayenera kukweza nambalayo ndi kulemba kwina asanakhulupirire zimene zili m'gawolo. Koma driver yoona mtima nayonso ili ndi udindo: ibweze yankho la chipangizo mmene lilili, ndipo nthawi yodikira ikatha isanene kuti deta sinalembedwe pamene chimene ikudziwa n'chakuti yankho silinabwere.

Funso: Ndinatumiza driver yanga yoyamba kwa oyang'anira khodi ya kernel. Sanadandaule ndi mmene imagwirira ntchito, koma akhala akundibwezera chifukwa cha struct ya ioctl yokha, ndiko kuti kaimidwe ka deta imene pulogalamu ndi driver zimapatsirana. Akuti ndichotse mtundu wa nambala wotchedwa long, ndidzaze mipata ya mu struct, ndipo ndizikana flags (mabiti osonyeza zosankha) zosadziwika. Kodi kumeneku si kukulitsa zinthu zazing'ono?

Yankho: Ayi, akukuthandizani, ndipo gawo limene akulimbikiralo ndi lokhalo m'driver yanu limene simudzathanso kulikonza. Za m'kati mwa kernel zimasinthidwa nthawi zonse, koma Linus Torvalds wakhala akuumirira lamulo lakuti kusintha kernel kusawononge mapulogalamu amene akugwira kale ntchito. Struct yanu ikangotuluka mu kernel yoperekedwa kwa anthu, mapulogalamu amamangidwa modalira kaimidwe kake, ndipo cholakwika chilichonse chimene chilimo chiyenera kusamalidwa kwa zaka zambiri.

Mu Linux, long amatenga mabaiti 4 pa makina a 32-bit ndi mabaiti 8 pa makina a 64-bit, ndipo pointer (nambala yoloza malo mu memori) amachitanso chimodzimodzi. Pulogalamu ya 32-bit ikamayenda pa kernel ya 64-bit, mbali ziwirizi zimaona struct imodzi mosiyana, ndipo popeza kukula kwa struct kumalowa m'nambala ya ioctl, ngakhale nambalayo imasiyana. Njira yake ndi kugwiritsa ntchito __u32 ndi __u64 amene kukula kwawo sikusintha, kunyamula pointer mu __u64, ndi kuika chinthu chilichonse cha mabaiti 8 pa malo ogawika ndi 8, chifukwa purosesa ya x86 ya 32-bit imachiika pa malire a mabaiti 4 pamene ya 64-bit imachiika pa 8.

Mipata ndi nkhani ya chitetezo mwachindunji. Compiler, pulogalamu yomasulira khodi kuti makina aimve, imasiya timipata pakati pa zinthu za kukula kosiyana, ndipo copy_to_user, imene imatumiza deta kuchoka mu kernel kupita ku pulogalamu, imakopera struct yonse pamodzi ndi timipatato. Ngati simunayambe mwadzaza ziro, pulogalamu imalandira zotsalira za memori ya kernel, ndipo m'driver ya chipangizo chosunga zinsinsi zotsalirazo zikhoza kukhala chidutswa cha kiyi. Ndiye mpata uliwonse muupatse dzina, muudzaze ziro potumiza, ndipo polandira mukane pempho ndi EINVAL (yankho lakuti pempho ndi lolakwika) ngati suli ziro. Flags zosadziwika zikanidwe pa chifukwa chofanana: mukazilekerera lero, mapulogalamu ena adzaikamo zilizonse, ndipo tsiku limene mudzafune kupatsa flag inayake tanthauzo mudzapeza kuti malo ake anawonongeka kale. Zimenezi zinachitikira lamulo lakale lotsegulira mafayilo la open, limene silikana flags zimene silikuzidziwa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene openat2 inawonjezedwera mu Linux 5.6 mu 2020.

Pali zina zimene mwina sanakuuzenibe koma adzazifunsa. Kopani pempho la pulogalamu kamodzi kokha, n'kufufuza ndi kugwiritsa ntchito kope lomwelo, chifukwa mukawerenga kutalika kwa deta kawiri, pulogalamu ikhoza kusintha nambalayo pakati pa kufufuza kwanu ndi kuigwiritsa ntchito. Ikani malire pa kutalika kulikonse musanapemphe memori. Memori imene munali chinsinsi ifufutidwe ndi memzero_explicit kapena imasulidwe ndi kfree_sensitive, popeza compiler ikhoza kuchotsa memset imene ikuona ngati yopanda ntchito. Poyerekeza masiginecha gwiritsani ntchito crypto_memneq, imene imatenga nthawi yofanana kaya kusiyana kuli poyamba kapena pomaliza, kuti mdani asadziwe kanthu poyeza nthawi. Ndipo chinsinsi chisalembedwe mu dmesg, kaundula wa mauthenga a kernel, ngakhale pofufuza zolakwika, chifukwa mizere yoikidwa mongoyembekezera ndi imene imaiwalika m'khodi. Mukatha zonsezi, yesani ioctl yanu ndi syzkaller, chida chimene chimatumiza mapempho osokonezeka ambirimbiri ku kernel ndipo chavumbula zolakwika zochuluka zedi.

Funso: Disiki yanga ya SSD imabisa deta yokha. Kodi kernel ikufunikiranso chiyani pamenepo?

Yankho: Ikufunika potsegula disikiyo. Madisiki otsata malamulo a Opal, a bungwe la Trusted Computing Group, amadzitseka magetsi akazima, ndipo Linux yakhala ndi khodi ya sed-opal yowatsegula kuyambira mtundu wa 4.11 mu 2017, imene imalola okhawo okhala ndi chilolezo cha woyang'anira makina chotchedwa CAP_SYS_ADMIN. Kompyuta ikagonekedwa disiki imadzitsekanso, choncho kernel imayenera kusunga mawu achinsinsi mu RAM kuti idzaitsegule podzuka, kutanthauza kuti chinsinsicho sichikhala m'disiki mokha monga ambiri amaganizira. Komanso driver singatsimikizire zimene disiki ikuchita m'kati mwake. Mu 2018 Carlo Meijer ndi Bernard van Gastel a ku Radboud University ku Netherlands anaonetsa kuti pa ma SSD ena a Crucial ndi Samsung deta inkatheka kutsegulidwa popanda mawu achinsinsi, ndipo pa ena mwa iwo chifukwa chake chinali chakuti mawuwo sanali omangirizidwa ku kiyi weniweni wobisira deta. Chaka chotsatira Microsoft inasintha BitLocker, pulogalamu yake yobisira madisiki mu Windows, kuti pa madisiki obisidwa kumene izibisa yokha m'malo modalira disiki. Ngati deta yanu ndi yofunika kwambiri, ikani dm-crypt, njira ya Linux yobisira disiki, pamwamba pake.

Funso: Pulogalamu yanga ikatsegula /dev/tpm0, ina imene ikufunanso TPM imakanidwa ndi EBUSY (yankho lakuti chipangizo chili kale pa ntchito). Mnzanga akuti driver imeneyi inalembedwa mosasamala. Kodi akunena zoona?

Yankho: Mnzanuyo sakunena zoona, koma dandaulo lanu ndi lomveka ndipo linayankhidwa kale. TPM ndi kachipangizo kochedwa ndiponso ka memori yochepa, TPM 2.0 zambiri zimatha kugwira makiyi akanthawi ochepa kwambiri pa nthawi imodzi, kawirikawiri atatu okha. Fayilo ya /dev/tpm0 imapereka chipangizocho mmene chilili, ndipo mapulogalamu awiri atalowa pamodzi, ina ikhoza kudzaza malo onse, kuchotsa kiyi wa inzake kapenanso kumugwiritsa ntchito. Kukana wachiwiri ndiye inali njira yoona yotetezera woyamba.

Mu Linux 4.12, ya July 2017, munabwera /dev/tpmrm0, ndipo imeneyi ndi imene pulogalamu yanu iyenera kutsegula. Aliyense wotsegula fayiloyi amapatsidwa malo akeake. Lamulo lake lisanatumizidwe kernel imalowetsa zinthu zake mu TPM, likatha imazitulutsa n'kuzisunga, ndipo akatseka fayilo, ngakhale pulogalamuyo itafa mwadzidzidzi, kernel imachotsa zonse zimene anasiya. Zimene kernel imasunga zimatuluka mu TPM zitabisidwa ndi TPM yomweyo, kotero kernel imagawa malo ndi nthawi popanda kuona makiyi enieniwo. Chimene ndimachiyamikira pa kakonzedwe kameneka n'chakuti fayilo yakale sanaisinthe khalidwe. Anaisiya kuti mapulogalamu akale apitirize, n'kutsegula ina pambali.

Popeza mukulemba pulogalamu yodalira TPM, ganiziraninso za mawaya. TPM ikakhala chip chapadera pa bolodi, imalankhula ndi purosesa kudzera pa LPC, SPI kapena I2C, ndipo mu 2019 wofufuza wina anaonetsa poyera kuti ndi chida chotchipa cholumikizidwa pa mawaya a LPC munthu akhoza kugwira kiyi wa BitLocker pamene TPM ikumupereka kompyuta ikamayaka. Malamulo a TPM 2.0 ali ndi njira yobisira ndi kusainira mauthenga apakati pa purosesa ndi TPM, ndipo Linux 6.10, ya July 2024, inawonjezera chisankho chakuti kernel iziigwiritsa ntchito pa mapempho akeake, monga kutulutsa kiyi wosungidwa kapena kutenga manambala ongopeka, ngakhale kuti pa makina ena zimenezi zinachedwetsa ntchito. Chitetezo chimenechi ndi cha mapempho a kernel okha. Malamulo amene pulogalamu yanu imatumiza kudzera pa /dev/tpmrm0 amapita mmene mwawalembera, choncho muyenera kutsegula nokha session (njira yolankhulirana ndi TPM) yobisa, ndipo laibulale ya tpm2-tss ili ndi zonse zofunika pa ntchito imeneyo.